Makalata a m'bokosi la aPhunzitsi

Anthu atabalalika pa maliro a agogo anga m'chaka cha 2023, amalume anakoka bokosi lachitsulo limene linkakhala kunsi kwa bedi la malemuwo n'kuliika pakhonde. Tonse tinkalidziwa bokosilo, koma panalibe mdzukulu ndi mmodzi yemwe amene anasuzumiramo. Kiyi wake ankakhala pa kachingwe m'khosi mwa eni ake, ndipo amayi a chigwirizano amene anasambitsa thupi ndiwo anamuvula n'kumupereka kwa amalume. Titatsekula tinapezamo nsalu ziwiri zosavalidwapo, sileti yobenthuka pakona, kalata ya ubatizo yofiirira ndi ukalamba, ndi mitolo ya makalata yomangidwa ndi timizere ta chitenje. Mitoloyo inalipo 11. Umodzi wokha ndiwo unali wa agogo. Inayo inali ya amayi ena a m'mudzi mwathu, onse anatisiya kalekale, amene amuna awo ankawalembera ali ku Halale ndi ku Joni.

Dzina la agogowo sindilitchula, chifukwa kwathu kwa Khombedza sindinamvepo munthu akuwaitana ndi dzina. Agogo aamuna ankawaitana ndi mfunda wawo, ana awo ankati amayi, ife tinkati agogo, ndipo ena onse, kuyambira mwana wosinja mpaka anyakwawa, ankati aPhunzitsi. Anyakwawawonso anaphunzira kugwira pensulo m'manja mwawo, choncho akakumana panjira, amene ankayamba kuvula chipewa anali mwini mudzi.

Ukawafunsa zaka zawo sankawerengera pa zala. Ankangoti, "Ine ndi Buku Lopatulika ndife amsinkhu umodzi." Baibulo lathunthu la Chinyanja lija linasindikizidwa mu 1922, pambuyo pa ntchito ya zaka zambiri imene William Murray ndi anzake, pamodzi ndi aphunzitsi achikuda, anaigwira ku Mvera, kumapiri amene timawaona kumadzulo dzuwa likamalowa. Kalata ya ubatizo ija inavomereza mawu awo. Anamwalira ali ndi zaka 101.

Amene amadziwa Khombedza wa lero amadziwa msewu wa M5, minibasi zothamangira ku Nkhotakota, anyamata a kabaza pa siteji, chipatala, ndi magalimoto odzaza nzimbe opita ku fakitale ya shuga ku Chikwawa wa kuno ku Salima. Agogo anabadwa msewuwo kulibe. Msewu wa masiku amenewo inali nyanja, ndipo khomo lolowera m'chigawo chapakati linali gombe la Domira, kunsi kwathuku. Sitima zapamadzi zinkatsitsa katundu pamenepo, amtengatenga n'kumusenza pamutu kukwera naye ku Mvera ndi ku Dowa. Mishoni ya ku Mvera anaitsekula mu 1889 Andrew Murray ndi Theunis Vlok a mpingo wa Dutch Reformed, m'dziko la mfumu Chiwere, ndipo sukulu zinatsika kuchokera kumeneko kubwera kuchigwa kuno pang'onopang'ono, ndi aphunzitsi amene Lolemba ankaphunzitsa a e i o u, Lamulungu n'kuima kutsogolo kulalikira. Chigwachi chinali choopedwa. Mayi awo a agogo ankasimba za kaodzera, matenda a kashembe amene cha m'ma 1910 anachititsa boma la atsamunda kuletsa anthu kulowa ndi kutuluka mwachisawawa m'dera la Domira. Mphunzitsi wotumizidwa kunyanja ankatsanzika abale ake ngati wopita kunkhondo.

Sukulu yoyamba ya agogo chinali chisakasa cha udzu, mipando yake mitengo yogoneka pansi. Sileti inali ya amene afika patali; oyamba kumene ankasalaza mchenga ndi chikhatho n'kulemba ndi chala, mphunzitsi n'kumayendera mmodzimmodzi, kufufuta ndi phazi pamene palakwika. Ankati mwezi wa Okutobala mchenga unkatentha mpaka chala kutuwa. Atsikana analipo atatu okha, ndipo awiri anasiya atangotha msinkhu. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mawu omaliza ndi a atsibweni, ndipo atsibweni awo a agogo sankaona chifukwa chotumizira mtsikana kumapiri pamene mtondo ndi munsi zili pakhomo. Sindiwaweruza akuluakuluwo. Iwo ankaona kuti mwana wolowa kalasi ya mishoni amamuletsa chinamwali, amamuletsa kuonera gule, ndipo ankaopa kuti adzabwerako mlendo pakati pa abale ake. Amene anathetsa nkhaniyo anali mayi awo, munthu wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi, amene mwamuna wake anapita ku Halale n'kutumiza kalata imodzi yokha. Kalatayo anayenda nayo midzi itatu kufuna woiwerenga, ndipo amene anapezeka anaiwerenga mokweza pabwalo, anthu onse akumva. Manyazi a tsiku limenelo ndi amene anapereka agogo ku sukulu ya atsikana ku Mvera, ulendo wa masiku awiri wapansi, kamtolo ka ufa ndi usipa wouma pamutu.

Ali ndi zaka 13, mu 1935, njanji yochokera ku Blantyre inafika pa Salima. Sitima zapamadzi zinayamba kukocheza ku Chipoka kumene njanji imakhudza nyanja, ndipo Domira anazilala mpaka kutsala malo a asodzi. Salima, amene anali kamudzi chabe, anasanduka tauni ya masitolo a amwenye ndi mabelo a thonje. Njanji yomweyo inafupikitsanso njira ya kummwera. Msonkho unkafuna ndalama, ndalama inali ku mapulazi a fodya a ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ndipo anyamata ankapita, ena kudzera kwa olemba anthu ntchito a Mthandizi kapena a Wenela, ena paokha. Midzi inatsala ya amayi, ana ndi nkhalamba.

M'midzi yotereyi ndi mmene agogo anabwerera kudzaphunzitsa Sub A ndi Sub B. Anakwatiwa ndi mnyamata wa kutsidya kwa Lingadzi amene anadzakhala chikamwini kwathu, ndipo mwana woyamba asanayambe kuyenda, mnyamatayo nayenso anakwera sitima. Choncho mphunzitsi amene ankawerengera anzake makalata anali mmodzi wa odikira. Ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake amayi ankamukhulupirira.

Zimene zinkachitika pakhonde lija ndinazimva kwa iwo eni, komanso kwa amayi awiri okalamba amene ndinawapeza ali moyo ndili mwana. Munthu sankabwera masana. Ankadikira kuti nsima ya madzulo idyedwe, n'kubwera ngati wodzapempha moto, kukhala kumphepete kwa mphasa, kufunsa za ana, za mutu, za mvula. Kenako ankamasula mfundo ya pa nsalu yake n'kutulutsa kalata yopindidwa kanayi. Agogo ankathamangitsa ana onse, kuyandikiza nyali, n'kuyamba awerenga chamumtima kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mayi uja nthawi yonseyo maso ali pankhope pawo, kufuna kudziwa nkhani isananenedwe. Ndiye agogo anadziphunzitsa kuumitsa nkhope ngati mwala. Akatha, ankawerenga motsitsa mawu, liwu ndi liwu monga linalembedwera, ndipo akafika pa ndalama ankabwereza kawiri: mapaundi angati, apatsira yani, adzafika nazo liti.

Kuyankha ndiko kunali ntchito. Mayi ankayamba ndi ukali: muwauze kuti denga likudontha, muwauze kuti mwana wawo sakuwadziwa, muwauze kuti ngati apeza wina anene ndimasuke. Agogo ankamvetsera osalemba kanthu, kenako n'kufunsa, "Ndilembe momwemo, amake mwana?" Ena ankati lembani momwemo, ndipo ankalemba momwemo. Ambiri ankakhala chete kanthawi n'kuti, "Yambani ndi moni." Pomaliza ankamuwerengera zonse kuti amve ngati mawuwo ndi akedi, chifukwa, monga ankanenera, dzanja ndi langa koma pakamwa ndi pako.

Tsiku lina, ndili kale ku sekondale, ndinawafunsa ngati sankabisako nkhani zoipa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati kalata ina inabwera yonena kuti mwamuna wakwatira kumeneko ndipo sabweranso, mkaziyo asadikire. Mayiyo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, popeza bamboyo anali atabwera kutchuthi chaka chomwecho. "Ndinafuna kunama," anatero. "Lilime linafuna kunena kuti akuti moni, ali bwino, ntchito yachuluka. Koma ndikananama tsiku limenelo, kalata iliyonse ya m'mudzi muno ikanasanduka bodza." Anawerenga monga zinalili. Kenako anamugoneka mayiyo m'nyumba mwawo masiku anayi, kumuphikira phala, mpaka abale ake anabwera kudzamutenga. Dzina lake sanandiuze, ndipo mpaka kumwalira kwawo palibe chinsinsi cha m'kalata ya munthu chimene chinatuluka pakamwa pawo ndi dzina la mwini wake. Amayi ankasiya makalata awo m'bokosi lija chifukwa m'nyumba zaudzu munali chiswe ndi moto, komanso chifukwa mtima ukawawa ankabweranso kuti awawerengerenso kalata yakale yomweyo.

M'mabuku a mbiri ya maphunziro m'dziko muno mumapezeka chaka cha 1926 pamene boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro, mumapezeka sukulu ya Jeanes ku Domasi, mumapezeka mayina a amishoni ndi a aphunzitsi otchuka monga Samuel Nthara wa ku Nkhoma. Zonsezo n'zoyenera. Koma zimandiwawa kuti amayi amene anagwira kalasi yoyamba, amene anatsekula maso a midzi yathunthu, salembedwa paliponse, ndipo ntchito ya usiku ngati ya pakhonde lija inalibe malipiro ngakhale kobiri.

Njala ya 1949 inasautsa kwambiri kummwera, koma kunonso inafika. Sukulu inatsala ndi ana owerengeka, ndipo amene ankabwera ankagona pamchenga dzuwa lisanafike pamutu. Anthu ochokera kumtunda ankatsika ndi makasu, mbale, ngakhale nsalu zovala, kudzasinthanitsa ndi chinangwa ndi nsomba. Agogo anataya mwana wawo wachiwiri chaka chimenecho, wamkazi, ali ndi zaka zitatu. Kalata yodziwitsa bambo wake anailemba okha, ndipo tinapeza yankho lake mu mtolo wawo, lalifupi, lolembedwa ndi dzanja la munthu wina chifukwa agogo aamuna nthawi imeneyo anali asanadziwe kulemba. Chaka chotsatira agogo aamunawo anabwerera kumudzi osapitanso. Anaphunzira kuwerenga ali bambo wa ndevu, usiku, pa sileti yomwe ija yobenthuka, mphunzitsi wake mkazi wake. Anzawo kunyanja ankawaseka kuti alowa Sub A ya kuchipinda, ankawasekanso powaona akusonkha moto pamene mkazi akuchonga makope. Iwo ankangopitiriza kusoka ukonde wawo. Anakhala limodzi mpaka imfa inawalekanitsa m'zaka za m'ma 1980, ndipo agogo sanalole kuti mpando wa ndalema wa amuna awo uchoke pakhonde.

Za chitaganya, za chipwirikiti cha 1959, za ufulu wa 1964, sankakamba zambiri, kupatula kuti usiku wa pa 6 Julaye ana a sukulu sanagone. Chimene ankakonda kusimba ndi thonje. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera chitukuko cha ulimi cha m'mbali mwa nyanja mothandizidwa ndi dziko la Germany, kunatsekulidwa sikimu ya Chinguluwe, alangizi anayamba kuyenda ndi mapampu opopera mankhwala, ndipo chigwa chonse chinayera mbuu nthawi yokolola. Mu 1971 zinthu ziwiri zinasintha pamodzi: misika inakhala ya ADMARC, ndipo mapaundi, masheleni ndi makobiri zinalowedwa m'malo ndi kwacha ndi tambala. Munthu amene moyo wake wonse ankadziwa kuti makobiri 12 ndi sheleni, masheleni 20 ndi paundi, anauzidwa kuti tsopano paundi ndi K2 ndipo kwacha ndi matambala 100. Agogo anaona amayi akubwera kumsika atanyamula ndalama m'manja osadziwa ngati zakwana. Loweruka lililonse anayamba kuwasonkhanitsa pansi pa mtengo wa bwemba, atadula timapepala m'malo mwa ndalama, mwala womangidwa pachingwe m'malo mwa sikelo, wina kukhala kalaliki, wina wogulitsa. Ankawaphunzitsa kuyang'ana muvi wa sikelo ndi maso awo, kufunsa giredi imene thonje lawo lapatsidwa, ndi kuwerenga ndalama asanachoke pawindo. Pamene sukulu za kwacha zinkafika m'dera lathu, kalasi ya pansi pa bwemba inali itayamba kale.

Makalata a ku Joni anachepa mwadzidzidzi mu 1974. M'mwezi wa Epulo chaka chimenecho ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo kuchokera ku migodi, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za kumeneko. Amuna anabwerera ndi mawailesi, njinga ndi masutikesi. Ena sanabwerere konse, anasanduka matchona, ndipo mitolo yawo m'bokosi muja imangothera panjira, kalata yomaliza ikulonjeza kubwera Khirisimasi.

Agogo atapuma ntchito anavutika ndi ndalama za ukalamba wawo. Zaka zambiri zimene anaphunzitsa ali mayi wapabanja zinapezeka kuti zinalembedwa ngati za mphunzitsi wongogwirizira, ndipo anayenda maulendo angapo ku maofesi, atavala nsalu yawo yabwino, n'kumabwerako ndi mawu akuti mubwerenso. Zimene analandira pomaliza sizinafanane ndi thukuta lawo. Nkhani imeneyi ankaikamba mwachidule, koma ine imandipsetsa mtima mpaka lero.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Ankakoka khutu, ndipo mwana wobwera osasamba m'maso ankabwezedwa kuchitsime. Liwu lawo likamveka kuseri kwa nyumba, ngakhale ife adzukulu tinkabisa mango amene tatola pansi osatsuka. Sankalekerera munthu wonena kuti mwana uyu ndi mbuli. Ankati fufuzani kaye ngati wadya, ngati akumva bwino m'makutu, ngati akuona pa bolodi.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana m'dziko muno anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika poposa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Agogo anali ndi zaka 72. Tsiku lotsekulira anapita kukaima kumpanda kwa sukulu, ndipo anaona atsikana ambirimbiri, ena atabereka ang'ono awo kumbuyo, akukhala pansi pa mitengo chifukwa m'makalasi munalibe malo. Anabwerako akulira, akuti akanakhalapo mayi awo adzaone. Koma pasanathe mwezi anayambanso kudandaula. Boma linalemba aphunzitsi masauzande ambiri amene sanapite ku koleji, anyamata ndi atsikana ongomaliza kumene sekondale, n'kuwapatsa ana oposa 100 aliyense. Atatu mwa iwo anazolowera kubwera pakhonde pathu madzulo. Ndikukumbukira mmodzi, mtsikana wamanyazi, akunena kuti mawu amuthera ndipo ana sakumumvera. Agogo anamuuza kuti asiye kukuwa. "Ukakuwa, iwonso akuwa. Yamba nyimbo motsitsa, akutsatira okha. Ndipo choko chikatha usadandaule, mchenga ulipo." M'mawa mwake anapita naye limodzi, ndodo m'manja, nakagawa anawo m'magulu pansi pa mitengo, wamkulu aliyense kuyang'anira ang'ono asanu, onse chala pansi.

Zaka zomwezo ndi zimene matenda a Edzi analowa m'midzi yathu. Mwa ana awo asanu ndi awiri amene anakula, anaika m'manda anayi, mmodzi mwa iwo mayi anga. Tinasonkhana pakhomo pawo adzukulu asanu ndi mmodzi, ndipo mayi wa zaka zoposa 70 anayambiranso kulera: kufuula m'mawa kuti tidzuke, kugawa ndiwo kuti zikwanire, kusoka mayunifolomu ndi singano yapamanja. Pa njala ya 2002 tinkadya kamodzi patsiku, nthawi zina phala la madeya, koma palibe amene analoledwa kujomba. Ankatiyang'ana makope usiku uliwonse, ndipo pamene sanamvetse masamu a ku sekondale ankati, "Ndifotokozere." Ukalephera kuwafotokozera iwo, ankadziwa kuti nawenso sunamve.

Maso anayamba kuchita nkhungu atapitirira zaka 90. Baibulo lawo ankangolisisita pachikuto, mavesi akutuluka pamtima. Tsopano owerenga tinali ife. Mchimwene wanga ali ku Cape Town, monga anyamata ambiri a kwathu amene ayambiranso ulendo wa kummwera, ndipo ndikapita kumudzi ndinkawawerengera mauthenga ake pa foni. Ndikathamanga ankandigwira dzanja. "Bwerera. Wadumpha mawu. Munthu analemba yekha, usamudule pakamwa." Pamene uthenga wa mawu unayamba kubwera pa WhatsApp, anamvetsera liwu la mdzukulu wawo katatu, foni ataigunditsa kukhutu, akumwetulira. Kenako anafunsa kuti mawuwo akatha kumveka amasungidwa kuti, ndipo foni ikagwera m'madzi mwana wake adzamva chiyani.

Mitolo khumi ija tinagwirizana kuti tiibweze kwa eni ake. Pa mtolo uliwonse agogo anamangirirapo kapepala ka dzina la mayi ndi mudzi wake, m'zilembo zawo zoimirira bwino zija, ndiye ntchito inali yofufuza ana ndi adzukulu. Tinayenda pa njinga ine ndi amalume milungu itatu, kutsidya kwa Lingadzi, kumunsi kunyanja, mpaka ku Chitala. Sitinamasule mtolo ndi umodzi womwe.

Pakhomo lina tinapeza bambo wa zaka za m'ma 70 akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Titafotokoza chimene tadzera, anaika kasemasema pansi, napukuta manja pa kabudula, nalandira ndi manja awiri. Bambo wake anapita iye ali m'mimba ndipo sanawaonepo, ngakhale pa chithunzi. Anaitanitsa magalasi kwa mdzukulu wake, namasula kamzere ka chitenje mosamala kuti kasaduke. Amalume anafuna kutsanzika kuti timusiye yekha, koma iye anati, "Khalani, achimwene. Amene anandiphunzitsa zilembozi ndi mayi anu." Anayamba kuwerenga mokweza, chala chikutsata mzere, liwu limodzilimodzi monga ana a Sub A. Pa kalata yachitatu anafika pamene bamboyo ankafunsa ngati mwana wabadwa, ndipo ngati ndi wamwamuna amutche dzina lakutilakuti. Linali dzina lake lomwelo. Anavula magalasi, nakhala chete, ndipo mkazi wake anatuluka m'khitchini n'kudzakhala pansi pambali pake.

Mitolo isanu ndi itatu inafika kwa eni ake. Iwiri yatsala, chifukwa mabanjawo anasamuka kalekale ndipo amene tinawafunsa ankaloza kosiyanasiyana, ena ku Nkhotakota, ena ku Kasungu. Amalume anaibwezera m'bokosi pamodzi ndi sileti ija, ndipo kiyi ali m'khosi mwa mchemwali wanga wamkulu, amene amaphunzitsa Sitandade 1.